Anthu akubwera pakhomo panga ndi mavuto awo, ndiwathandize bwanji osalakwitsa?

Funso lachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Chisitu ku Mulanje, amene anapuma pa ntchito yauphunzitsi. Akuti amayi ndi atsikana a m'mudzi mwawo akhala akubwera kudzawadandaulira za nkhanza za m'banja, za katundu wamasiye, za ana osiya sukulu ndi za ma ARV. Akufuna kudzipereka pa ntchito yolangiza anthu popanda malipiro, koma akufunsa kuti ayambire kwa ndani, azilankhula zotani, ndipo ndi nkhani ziti zimene sayenera kusenza okha.

Mayi, poti anthu akubwera okha osaitanidwa, ndiye kuti amakukhulupirirani, ndipo chimenechi palibe maphunziro amene amapereka. Chotsala ndi kudziwa pamene ntchito yanu ikulekezera. Mlangizi wodzipereka saweruza milandu, salembera munthu mankhwala, sagawa minda, samanga kapena kuthetsa mabanja. Ntchito yake ndi kumvetsera mpaka munthu atatulutsa chimene chamubweretsa, kusiyanitsa nkhani yoti ikhoza kugona ndi yoti isagone, kenako kuonetsetsa kuti munthuyo wafikadi kumene kuli thandizo. Zambiri zimene zimasokonekera pa ntchitoyi zimachokera kwa mlangizi wamtima wabwino amene walumpha malire amenewa.

Muyambire kwa amfumu, koma musathere pomwepo

Kaonaneni ndi amfumu a m'mudzi mwanu, iwo akakutuleni kwa a gulupu, ndipo dzina lanu limveke pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC). Ena amati uku n'kutaya nthawi poti kuthandiza munthu sikulira chilolezo. Koma tsiku limene mudzaperekeze mkazi wa mwini ku polisi, abale a mwamunayo adzafunsa kuti "amenewa anawaika ndani?" Amfumu akakhala kuti anakuonetsani pagulu, funsolo limafera pomwepo. Muwauze mosabisa kuti simukulanda ntchito ya ankhoswe kapena ya bwalo lawo, komanso kuti nkhani zina, monga kugwirira mwana, muzidzapita nazo kuchipatala ndi ku polisi osadikira bwalo. Mawu amenewa ndi bwino awamve lero kulibe mlandu, kusiyana n'kudzawamva wolakwayo ali mphwawo.

Musakhazikitse bungwe lanulanu. Magulu alipo kale ndipo ambiri akusowa anthu odziwa kulemba: mother group (gulu la amayi olimbikitsa atsikana kukhala pasukulu) ya pa sukulu ya pulaimale, komiti ya zaumoyo imene imagwira ntchito ndi a HSA (alangizi a zaumoyo a m'midzi), Community Victim Support Unit (komiti yothandiza ochitiridwa nkhanza) ya kwa T/A, magulu a anthu amene ali ndi HIV, amayi a Mvano, a Dorika kapena a kumzikiti. Gulu limakupatsani munthu woti muzimufunsa nkhani ikakukulirani, komanso maphunziro akabwera amaitana kudzera m'magulu omwewo. Kwa mphunzitsi wopuma, mother group ndiye khomo lapafupi.

Oyandikana nanu a ku Thyolo njirayi anaiyenda kale. Bungwe la madokotala la MSF linayamba kugwira ntchito ndi chipatala cha boma kumeneko mu 1997, ndipo ma ARV anayamba kuperekedwa mu 2003. Mavolontiya a m'midzi ndiwo ankayendera odwala m'makomo, kulimbikitsa omwa mankhwala ndi kulondola amene sanaoneke pa tsiku lawo la kuchipatala. Anthuwo sanali ophunzira kuposa inu. Ankadziwa bwino zimene akuyenera kuchita ndi zimene sakuyenera kukhudza, ndipo kumbuyo kwawo kunali anamwino owayang'anira.

Musanalandire munthu wina, tengani masabata awiri kapena atatu muyendere maofesi amene muzidzatumizako anthu. Kuchipatala chaching'ono cha kwanu funsani masiku a ma ARV ndi a sikelo, ndiponso amene amathandiza wogwiriridwa akabwera usiku kapena Loweruka. Ku polisi funsani wapolisi wa Victim Support Unit. Pezani wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, ndipo ku boma fikani ku ofesi ya Social Welfare, ya leba, ya DC ndi ku khoti la majisitireti. Paliponse lembani dzina la munthu, nambala yake ya foni ndi masiku amene amapezeka. Onjezerani manambala aulere: 116 ya nkhani za ana, 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndi 929 ya Chipatala Cha Pa Foni. Kungouza mayi kuti "pitani ku Social Welfare" si thandizo. Amalipira kabaza ndi ndalama ya ndiwo, amapeza ofesi yotseka kapena sadziwa chitseko chogogoda, ndipo sabwererakonso. Kwa inunso sabwerera.

Pamene munthu wakhala pansi

Khonde la nyumba yanu silabwino. Adzukulu akudutsa, wobwereka mchere wafika, ndipo wodandaulayo amangonena zapamwamba. Pezani malo amene anthu angakuoneni koma osakumvani, monga kalasi ya mkombaphala ana akaweruka kapena pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi. Samalaninso kuti musadziwike ndi nkhani imodzi. Mudzi ukangoti "kwa aphunzitsi kumapita a ma ARV," aliyense wolowa pageti panu waulula kale, ndipo amene akufunikira thandizo kwambiri ndiwo amayamba kusiya kubwera. Ngati pakhomo panu pamakumana banki mkhonde kapena mumathandiza ana masamu, munthu amakhala ndi chonamizira chobwerera.

Mawu oyamba akhale a chinsinsi ndi malire ake, munthuyo asanayambe kufotokoza: "Zimene mundiuze pano sizituluka, ngakhale kwa bambo a kunyumba kwanga. Koma ndikamva kuti mwana akuzunzidwa kapena moyo wa munthu uli pangozi, ndidzayenera kuuza oti athandize, ndipo ndidzayamba ndakuuzani inu." Alangizi ambiri amadumpha chiganizo chachiwiricho poopa kuti munthu atseka pakamwa. Mapeto ake amalonjeza chinsinsi chimene sangasunge, ndipo akadzachiswa amaoneka achinyengo.

Mukatero khalani chete. Apa ndi pamene aphunzitsi, akuluampingo ndi anankungwi amavutikira, chifukwa moyo wawo wonse akhala olankhula ena akumvera. Chilangizo cha pa ukwati chimayenda njira imodzi, wamkulu akunena wamng'ono atawerama. Pano zikhale zotembenuza: mphindi khumi zoyamba zikhale za iyeyo. Akalira musamuletse, akakhala chete musafulumire kudzaza mpatawo. Nkhani imene munthu amayamba nayo kawirikawiri si imene yamubweretsa. Amayamba ndi mutu wosasiya kuwawa kapena mwana wosamva, kuyesa madzi, ndipo yeniyeniyo imatuluka akuimirira kuti azipita. Choncho musanatsanzikane funsani kuti, "Pali china chimene chatsala kumtima?"

Funsani mafunso otsegula pakamwa: "Zinayamba liti? Kenako chinachitika n'chiyani? Mwayesapo zotani? Ndani wina akudziwa?" Pewani "chifukwa chiyani," monga "munapitiranji usiku" kapena "bwanji simunanene kale." Ngakhale mufunse mofatsa, iye amamva kuti mukumuimba mlandu. Pewaninso mawu aja timatonthozerana pamaliro ndi pamtondo, akuti "banja ndi kupirira," "ena ali pa mavuto oposa anu," "ingopempherani." Pemphero lili ndi malo ake ngati mwiniwake walifuna, koma lisakhale chotsekera nkhani. Akamaliza, bwerezani mwachidule zimene mwamva kuti akukonzeni ngati mwaphonya.

Anthu ambiri amabwera ndi mavuto atamangidwa pamodzi ngati mtolo wa nkhuni: ngongole, mwamuna amene anapita ku Joni osatumiza kanthu, mwana wodwala, denga lothonya. Mtolo wonse sungatheke tsiku limodzi, ndipo n'chifukwa chake munthuyo wafooka. Masulani, mutchule vuto lililonse palokha, ndipo iye asankhe limodzi loti likhoza kusuntha sabata yomweyi. Mufunseni njira zimene akuziona, ngakhale zooneka zopanda pake, musanatchule zanu. Pa njira iliyonse onani limodzi ubwino wake ndi chimene chingavute. Akasankha, panganani zenizeni: achita chiyani, tsiku liti, apita ndi ndani, ndalama ya ulendo ndi zingati ndipo ichokera kuti. Mukumanenso pakatha sabata. Njira imeneyi ndi imene agogo a Friendship Bench ku Harare m'dziko la Zimbabwe akhala akugwiritsa ntchito kuyambira 2006, pokumana ndi munthu mpaka kasanu ndi kamodzi pa benchi ya pachipatala. Ubwino wake ndi wakuti ganizo limakhala la mwini vuto. Mukamusankhira ndinu kuti "musiyeni mwamunayo," zikakavuta mlandu ndi wanu, ndipo akakagwirizananso awiriwo mdani ndinu.

Kukambirana kumodzi kusapitirire mphindi 45. Kupyola apo nonse mwatopa ndipo mukungozungulira.

Nkhani zosagona

Munthu akagwiriridwa, wamkulu kapena mwana, nthawi ikuwerengedwa. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi oteteza kutenga mimba amagwira bwino m'masiku atatu oyamba, ngakhale amaperekedwabe mpaka tsiku lachisanu. Choncho kuchipatala ndiko koyamba, lero lomwe, ndipo za ku polisi ziyendere limodzi. Musataye tsiku kudikira amalume ake a mwana kuti achoke ku esiteti kapena amfumu abwere kuchokera ku maliro. Ngati sanasambe, asasambe. Zovala zimene anavala zisachapidwe, muzikulunge mu pepala kapena mu envelopu, osati mu jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyontho ndipo umboni umawonongeka. Ngati anasamba kale, kapena masiku atatu adutsa, apitebe, poti pali matenda ena opatsirana pogonana oti athandizidwe ndipo lipoti la dokotala likufunikabe.

Mwana musamufunsitse. Mulekeni anene m'mawu ake, mulembe mawuwo momwe wawanenera pamodzi ndi tsiku ndi nthawi, mumuuze kuti wachita bwino kunena ndipo si kulakwa kwake. Mukamufunsa kuti "ndi amalume ako eti?" mwamuikira yankho m'kamwa, ndipo mwana amene wafotokozera anthu asanu asanafike ku polisi amayamba kusintha mawu, zimene zimafooketsa mlandu ku khoti. Woganiziridwayo musakamufunse nokha, chifukwa kuchokera ku Muloza kapena ku Limbuli kulowa mu Mozambique ndi ulendo waufupi. Ndipo mudzamva ndithu mawu akuti "tikambirane pachibale," mbuzi kapena ndalama zili m'manja. Kugona ndi mwana ndi mlandu wa boma. Bwalo la amfumu lilibe mphamvu youthetsa, ndipo mwana amene nkhani yake yathera pa mbuzi amabwerera m'nyumba yomweyo ndi munthu yemweyo.

Pa nkhanza za m'banja, cholakwika chofala ndi kuitana mwamuna ndi mkazi pamodzi tsiku loyamba. Pamaso pa womumenya mkazi amakana zonse, ndipo usiku womwewo amakalipira chifukwa choulula. Yambani mwamva mkaziyo payekha, mufunse ngati ali wotetezeka kugona kunyumba lero. Kukangana kwa ndalama kapena kwa apongozi ndi kwa ankhoswe, ndipo muwalemekeze powabwezera nkhani zotero. Koma mwamuna amene wafika pokanyanga mkazi pakhosi, kumutengera chikwanje, kumumenya ali woyembekezera kapena kunena kuti amupha, nkhaniyo yapyola ankhoswe. Ipite ku Victim Support Unit, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti la majisitireti kupereka chikalata choletsa wankhanzayo kuyandikira kapena kuzunza. Ngati mkaziyo sanakonzeke kupita, musamukakamize kapena kumukwiyira. Konzani naye pothawira: nyumba yoti akagogode usiku, mawu oti mwana akathamange nawo kwa oyandikana nawo, ndipo chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala, mankhwala ndi kandalama pang'ono zisungidwe kwa munthu wodalirika. Dziwani kuti nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mkazi akuchoka kapena wangomuchotsa mwamunayo.

Kuno kwathu kwa chikamwini mkazi amakhala pakati pa abale ake, ndipo zimenezi zimamuteteza ndithu. Vuto limabwera mwamuna akanyamula chikwama chake n'kukakwatira mudzi wina, ana n'kuwasiyira amalume awo. Amayi ambiri amaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limati kholo lili ndi udindo wosamalira mwana wake, banja lilipo kapena latha, ndipo khoti likhoza kulamula bambo kupereka ndalama. Mayiyo apite ndi mabuku a kuchipatala a ana, ndiponso adziwe kumene bamboyo akugwira ntchito ndi kumene akukhala.

Ina yosagona ndi ya munthu amene watopa ndi moyo. Mukamva mawu ngati "bola kungofa," "mudzandisamalire anawa," kapena munthu wayamba kugawa zinthu zake, mufunseni mosazungulira: "Kodi mwakhala mukuganiza zodzipha? Mwaganiza zochita bwanji?" Funsoli silimuphunzitsa munthu kudzipha. Ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Ngati watchula njira, makamaka tameki kapena mankhwala a m'munda amene ali kale m'nyumba, musamusiye yekha. Itanani wachibale amene iye wamusankha, mankhwala ndi zingwe zichotsedwe, ndipo mumuperekeze kuchipatala cha boma kumene kuli anamwino a matenda a maganizo. Abambo amene apanikizika ndi ngongole za katapila kapena banja lawathera sabwera kudzadandaula, amangoyamba kumwa kwambiri ndi kudzipatula, choncho nthawi zambiri mudzazimvera kwa mkazi kapena mlongo wawo. Wina akamwa kale mankhwalawo, musamumwetse mkaka, madzi a mchere kapena kumusanzitsa, chifukwa masanzi amalowa m'mapapo. Mugonekeni cham'mbali, muvuleni zovala zimene zathirikira mankhwala, tengani botolo kapena pepala lake, thamangani naye.

Chiyambire namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, m'midzi ya m'munsi mwa phiri muli anthu amene mvula ikalimba usiku sagona, ena amalota madzi, ana amakodzanso pogona. Auzeni kuti si misala ndipo sanalodzedwe, ndi mmene thupi limachitira likaona zoopsa. Musawakakamize kufotokoza za usiku umenewo. Woti atumizidwe kuchipatala ndi amene papita masabata angapo sakudya, sakupita kumunda, sakusamala ana, kapena akumva mawu amene ena sakumva.

Zimene zikhoza kudikira mawa, koma osati mwezi wamawa

Pa katundu wamasiye, lamulo la 2011 lili kumbali ya mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiyeyo, ndipo kulanda chuma cha womwalira ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Chimene chimagwetsa amayi ambiri ndi kusowa umboni, chifukwa katundu amachoka m'masiku a maliro iwo ali m'nyumba ya siwa. Langizani kuti wachibale wodalirika alembe zonse zimene zilipo, njinga, malata, mbuzi, foni, mabuku a kubanki, pamaso pa mboni ziwiri, ndipo ngati womwalirayo sanasiye wilo nkhani ipite ku ofesi ya DC. Amoyo alimbikitseni kulemba wilo n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirapo kanthu. Za minda ya makolo samalani nazo kwambiri. Malo ku Mulanje ndi ku Thyolo ndi ochepa, mikangano yake ndi ya mibadwo, ndipo imayenda ndi mwambo komanso lamulo lina. Musalonjeze munthu kuti apambana. Mulozereni kwa amfumu, ndipo ikakanika kumeneko afunse a Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo.

Wa ku esiteti ya tiyi amene wachotsedwa ntchito osalandira zake kapena wavulala pantchito apite ku ofesi ya leba, atanyamula timapepala ta malipiro, nambala yake ya ntchito ndi lipoti la kuchipatala. Asazengereze, chifukwa madandaulo a pantchito ali ndi nthawi yake ndipo mboni za ganyu wa nyengo zimabalalika masamba akachepa.

Za atsikana mukuzidziwa kuposa ambiri. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene anatenga mimba kubwerera kusukulu akabereka, ndipo lamulo la maukwati la 2015 pamodzi ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017 zinatseka ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Kumuchotsa mtsikana ku banja ndi mbali yophweka. Amabwererako pakatha miyezi ingapo ngati palibe amene anaganiza zoti khanda lizitsala ndi ndani iye ali m'kalasi, yunifolomu, makope ndi sopo zichokera kuti, ndipo anzake akamamuseka akadandaula kwa ndani. Mafunso amenewa muwakambirane ndi amayi ake, amalume ake ndi ahedi mtsikanayo asanachoke kwa mwamunayo. Nthawi zina sukulu ina yapafupi imamuyenera kuposa yakale.

Pa ma ARV, inu simusintha kamwedwe ndipo simufotokoza zotsatira za magazi. Mbali yanu ndi kupeza chimene chamusiyitsa munthu. Wina akubisira mwamuna wake botolo, wina akuti sangamwe ndi njala, wina anauzidwa ku mapemphero kuti wachira, wina anadumpha tsiku lake ali ku ganyu ku Mozambique ndipo akuopa kukalipiridwa. Chilichonse mwa izi chili ndi yankho lake, koma onse abwerere kuchipatala, ndipo woopayo mumuperekeze. Ngati vuto ndi mtunda, afunse za magulu otengerana mankhwala, amene ku Thyolo anayamba mu 2012, anthu osapitirira asanu ndi mmodzi akusinthana kupita. Kuulula kuti wina ali ndi HIV si kwanu, ngakhale kwa mkazi wake, ndipo lamulo la HIV la 2018 limateteza chinsinsi chimenechi. Muthandizeni mwiniwake kukonzekera kunena, kapena awiriwo akayezetsere limodzi.

Ndalama, kope ndi inu eni

Musabwereketse kapena kupereka ndalama za m'thumba mwanu. Mukapatsa mmodzi ya kabaza, mbiri imamveka kuti aphunzitsi akugawa za bungwe, obwera amachuluka ndi nkhani zopeka, ndipo amene mwamukaniza amati mwadya. Ndalama ya ulendo wadzidzidzi ikufunikadi, koma ikhale ya gulu, yosungidwa ndi msungichuma, yolembedwa, ndipo yotuluka pa nkhani zosagona zokha. Musalonjeze kulembetsa munthu pa Mtukula Pakhomo kapena pa feteleza wotsika mtengo, chifukwa kusankhako si kwanu. Zinanazi kapena mkoko wa nthochi wothokoza pambuyo pake n'zovuta kukana pachikhalidwe chathu, koma mphatso ya munthu amene ali mbali imodzi ya mkangano ikanidwe, ndalama ikanidwe nthawi zonse. Nsalu ya chipani musavale pa tsiku lolandira anthu. Ndipo ngati mukulowa ntchitoyi mukuyembekezera alawansi, dziwani kuti mabungwe amabwera n'kupita, miyezi yambiri kumakhala kopanda kanthu.

Sungani kope lachikuto cholimba lopanda mayina. Munthu aliyense akhale ndi nambala, ndipo mzere uliwonse ukhale ndi tsiku, nambalayo, mwamuna kapena mkazi, zaka, mtundu wa nkhani m'mawu awiri kapena atatu, kumene mwamutumiza, ndi danga lomaliza loti "wafika?" Danga limeneli ndilo lofunika kuposa onse. Pakatha masiku atatu imbirani amene munamutumizako kapena muonaneni ndi munthuyo, ndipo ngati sanapite funsani chamulepheretsa popanda kumudzudzula. Kope likhale lotsekeredwa. Kwa a HSA kapena wogwira ntchito yoteteza ana muzipereka ziwerengero zokha pa mwezi. Nkhani za anthu musazilembe pa WhatsApp, musajambule mabala kapena mwana wozunzidwa, ndipo musanatumize uthenga pa foni ya mayi funsani ngati foniyo amaigwira yekha. Mafoni ambiri m'midzi ndi a banja lonse, ndipo amakachajidwa pa gulosale.

M'mudzi mmene aliyense ndi mbale wa wina, tsiku lina wodandauliridwayo adzakhala mlamu wanu kapena mwana wa achemwali anu. Nkhani yotero musaigwire, ngakhale mukudziona kuti simungakondere. Nenani poyera kuti ndi mbale wanu, muitule kwa mnzanu wa m'gulu. N'chifukwa chake pamafunika kukhala awiri kapena atatu, ndipo pakhale bambo mmodzi wokhwima maganizo woti azilankhula ndi abambo ndi anyamata. Kunyumba kumene kuli ndewu musapite nokha, usiku musapite n'komwe popanda a community policing.

Ikani masiku awiri pa sabata, ndipo pa tsiku musalandire anthu oposa atatu kapena anayi, kupatula zadzidzidzi. Mukayamba kusowa tulo chifukwa cha nkhani za eni, kupsa mtima mukamva "odi," kapena kumva nkhani yoopsa osakhudzidwa n'komwe, mwalema, pumulani sabata kapena awiri. Kamodzi pa mwezi kumanani ndi anzanu pamodzi ndi wokuyang'anirani, mukambirane nkhani zimene zakuvutani popanda kutchula mayina kapena midzi.

Masikuwo muwasankhe poyang'ana nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amakhala wambiri, othyola amachoka m'mamawa n'kubwera atatheratu, ndiye Lamulungu masana ndi pamene mungawapeze. Miyezi yomweyo ndi ya njala, ngongole ndi mikangano m'nyumba, komanso ndi pamene Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila imadzaza. Mvula isanayambe, dziwani chipatala chachiwiri chimene mungafikeko ngati njira ya choyamba yaduka, kaya ndi cha boma ku Mulanje, cha Mulanje Mission kapena cha tsidya lina, ndipo funsiranitu ngati chimapereka PEP ndiponso ngati pali cholipira. Gwirizananinso ndi wa kabaza ya njinga yamoto mmodzi wosunga pakamwa, amene angadzuke usiku n'kulandira ndalama yake mawa kuchokera ku thumba la gulu.